Mlendo wa ku Odzi Anabwera ndi Mphasa Yake

M'nyumba yathu ya ku Sakubva munali mpando umodzi wandalema, wa matabwa ndi chinsalu chokhuthala chobiriwira. Pakati pake panali polowa, pamene thupi la bambo linazolowera, ndipo unkanunkha malasha ndi sopo wochapira. Bambo atamwalira, amayi anaupinda n'kuutsamiritsa kukhoma. Palibe anatiletsa kukhalapo, koma ngakhale mng'ono wanga, amene ankakwera chilichonse ngati mbuzi, ankaulambalala.

Inali nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukutchedwabe Umtali. Bambo ankagwira ntchito kunjanji monga anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, ndipo nyumbayo inali ya kuntchito, osati yathu. Chifuwa chinawatenga m'nyengo yozizira. Pofika nthawi yotentha, fumbi la mu lokeshoni likulowa mpaka m'mano, mesenjala anali atabwera kale kudzanena kuti chaka chikatha tituluke, nyumba ikufunika kwa wina.

Amayi anali ndi njira imodzi yokha. Anafika Sitandade 6 ku mishoni kwawo, chinthu chosowa kwa mkazi masiku amenewo, ndipo ankathandiza kuphunzitsa tiana pa sukulu ya mpingo wathu, opanda setifiketi. Aphunzitsi aakulu a pamenepo, bambo wa Chimanyika, mtundu wa konkuno, wamtali wokonda kuyenda ndi ambulera, anawapezera malo ku koleji ya aphunzitsi, pa mishoni ina kufupi ndi mgodi wa ku Penhalonga. Anati akapirira zaka ziwiri adzatuluka ndi setifiketi, malipiro ndi nyumba ya aphunzitsi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito pa mgodi womwewo, ndipo anavomera kutisunga ife ana kwa nthawi imeneyo. Malowo akanaphonyeka, chotsala chinali kukwera sitima kupita kumudzi kumene ine ndi mng'ono wanga tinali tisanakuonepo, amayi akagwire khasu, sukulu yathu ithere pomwepo.

Koleji inkatsegulira mu Januwale. Koma amayi anali asanasudzulidwe.

Ana a masiku ano ndikawauza zimenezi amanditong'olera maso. Kwathu mkazi akafedwa mwamuna sangonyamuka n'kumapita. Amakhala wa maliro mpaka abale a mwamunayo atabwera, kumumeta, n'kunena pamaso pa anthu kuti amumasula. Zisanachitike zimenezo sagona kwina, savula duku lakuda. Amayi anali munthu wopemphera kwambiri, koma apa sankasuntha. Aphunzitsi ankabwera masana, kugogoda pansi ndi ambulera yawo, kunena kuti malo sadikira munthu. Amayi ankangoyankha kuti akapita chonchi, mwana akadzangotsokomola anthu adzati ndi iwo. Ndinkaona ngati kuuma mutu. Lero ndakula, ndaika mwamuna wanga m'manda, ndipo sindiwaweruzanso.

Vuto linali loti abale a bambo anali kutali, ku Dedza, ndipo palibe amene akanabwera. Amalume anayamba kufunsafunsa kwa anthu akwathu, kumgodi, kumaliro, kumowa. Pomaliza anamva kuti pa famu ina ya fodya ku Odzi kuli mwana wa amayi aakulu a bambo, mtchona amene anachoka kumudzi ali mnyamata osabwererako. Ameneyo ndiye anali m'bale weniweni, woyenera kunena mawuwo. Amalume anatuma dalaivala wa lole kuti akawauze kuti abwere adzamalize za m'bale wawo, mlamu wawo akuwadikira.

Amalume anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anali munthu wofupikitsa mawu. Uthenga wotere, abale inu, munthu aumve bwanji?

M'bale wa bambo uja anafika Loweruka masana, akukankha njinga. Ndikukumbukira jekete lakuda lowakulira m'mapewa, thukuta likuyenderera m'khosi, ndi tambala womangidwa miyendo akulendewera pa chiwongolero. Kumbuyo kwa njinga kunali bulangete, khasu, kasutikesi kachitsulo ndi mphasa yokulunga. Amayi anali akusesa pakhomo. Ataona mphasayo tsache linaima, iwo ali chilili. Munthu wodzasudzula sabwera ndi mphasa yake. Amene amabwera ndi mphasa ndi wodzalowa chokolo, kutenga mkazi wa malemu ndi ana kukhala ake. Onse amene anali panja anazindikira nthawi yomweyo, kupatula ine.

Mlendoyo analira pakhomo monga mwa mwambo, kutchula m'bale wawo, amayi nawo n'kulira. Atatha analowa m'nyumba, anayang'anayang'ana, anatenga mpando wa bambo uja, kuutambasula n'kukhalapo. Mpando unalira kamodzi, monga unkachitira bambo akabwera kuntchito, ndipo ine mtima wanga unakondwa.

Tinauzidwa kuti tiziwatcha bambo aakulu. Ndinene zoona, ndinawakonda. Ankayankhula Chichewa chozama ngati cha bambo, chosasakaniza ndi Chishona ngati chathu. Ankanditcha amayi, poti ndinatenga dzina la agogo. Ankagona ku kakhitchini ka panja, amvekere mpaka nkhani itakambidwa, koma masana onse ankakhala akugwira ntchito ngati mwini khomo. Anakonza chitseko chimene chinkakhula pansi, anagaula kadimba kuseri kwa nyumba, anadzala chimanga mvula yoyamba itangogwa. Manja awo anali akuda bii ndi utomoni wa fodya, ong'aluka m'zala, ndipo ngakhale asambe bwanji ankanunkhabe chigafa.

Ankandiuza nkhani za ku famu ndikuwagwirira mbewu. Ankati kumeneko ana amsinkhu wanga amadzuka mame asanakamuke, aliyense ndi kachitini, kukatola mbozi m'masamba a fodya. Sukulu ilipo pansi pa mtengo, koma imatseguka pokhapokha ntchito ikachepa, ndipo ntchito ya fodya sichepa. Iwo ankanena ngati nkhani wamba. Ine ndinkamva kukoma: kulibe masamu, kulibe chikwapu cha aphunzitsi, kungothamanga m'munda ndi anzako tsiku lonse. Amayi anamva tsiku lina ndikufunsa kuti mbozizo n'zazikulu bwanji. Anandiitana ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, n'kundituma madzi, ndowa zili zodzaza.

Masiku amenewo amayi anaonda. Ankagwada popereka madzi osamba, kupereka chakudya mwaulemu wonse, koma akatembenuka nkhope inkakhala ya munthu wodwala dzino. Amayi ena a Chishona oyandikana nafe ankawaseka pampopi, kuwayamikira kuti apeza mwamuna wa njinga. Amalume atabwera Lamulungu n'kuona mphasa ku khitchini, anagwira pakamwa. Kuthamangitsa mlendoyo sikukanatheka. Mawu omasula amayi anali m'kamwa mwa munthu yemweyo, ndipo akanachoka atakwiya, amayi akanakhala ndi duku lakuda mpaka kalekale. Amalume anayesa kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sabata yotsatira, ataona kuti mamewo adzala chimanga, anayamba kusintha nyimbo, amvekere munthuyo ndi wofatsa, mwina n'chimodzimodzi. Amayi anangowalanda mbale ya ndiwo asanamalize kudya.

Nkhani inakambidwa Khirisimasi itayandikira, Lamulungu potuluka ku tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Panali akuluakulu angapo akwathu, amalume, ndi aphunzitsi amene anabwera osaitanidwa. Ine ndinali pakhonde ndikusenda mango, makutu ali tcheru. Aphunzitsi anafotokoza za koleji nthawi yaitali, mpaka anthu kuyamba kuyasamula. Bambo aakulu anamvetsera zonse, kenaka anayankha mofatsa kuti kubanja kwawo sataya mkazi wa m'bale wawo kuti azikayendayenda yekha. Ananenanso, maso ali pansi, kuti mkazi amene anamusiya kumudzi anakwatiwa kalekale, ndipo zaka zonsezi akhala akudziphikira okha. Atamva uthenga uja anaganiza kuti Mulungu wawakumbukira. Sanali munthu woipa ayi. Chimenecho ndicho chinkavuta.

Amayi anasendera pafupi chogwada.

"Alamu, mwambo sindingaukane. Mukati mundilowe, mundilowa. Koma nyumba iyi si ya m'bale wanu, mwezi wamawa tituluka. Ndiye mundiuze, ana awa mupita nawo kuti?"

Nkhuku zinkapalasa m'chimanga chija. Patapita nthawi bambo aakulu anadzuka, anakung'untha fumbi pa jekete, n'kunena kuti akufuna akaone manda a m'bale wawo, mwana awaperekeze.

Tinayenda dzuwa likuswa mtengo, ine patsogolo. Kumanda anavula jekete, anazula udzu wonse pa mtumbira ndi manja, n'kukhala pansi. Anayamba kuyankhula ndi bambo ngati ali nawo pompo, kuwauza za anthu akumudzi amene ine sindinkawadziwa. Mawu amodzi okha ndi amene ndinawasunga: anati, achimwene, ine ndimayesa ndapeza pakhomo. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Amayi, inu mungakonde kupita nane ku famu?"

"Eya! Ndikufuna ndikatole mbozi. Kusukulu ndatopa nako."

Ndinayankha ndikudumphadumpha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anagwira dzanja langa, kulitembenuza, kuyang'ana m'chikhatho, kenaka n'kuyang'ana lawo. Anaseka pang'ono, kusekako kunasanduka chifuwa, anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Pobwerera sanandiuze nkhani iliyonse.

M'mawa mwake anatuma mnyamata wa pafupi kukaitana akuluakulu aja ndi amalume. Amayi ena achikulire a mpingo wathu anabwera ndi lumo ndi beseni. Amayi anakhala pamphasa pakhomo, duku lakuda lili pambali, tsitsi likugwera pa nsalu imene anafunda m'mapewa. Linali tsitsi lalitali, losapesedwa miyezi yonse ija. Atatha kumeta, bambo aakulu anaimirira, atavala jekete lija.

"Mlamu, m'bale wathu munamusunga bwino, munamudwazika, munamuika. Ife tilibe nanu mlandu. Takusudzulani. Pitani kusukulu kwanuko. Koma anawa asadzagwire fodya."

Amayi anagwetsa nkhope pansi, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira, ndipo analiradi, koma atadzutsa mutu anali akusekanso, kuseka kumene kunali kutasowa m'nyumba mwathu chimwalirire bambo. Amayi achikulire aja anaimba nthungululu. Amalume anapumira m'mwamba ngati atula thumba la simenti, n'kuyamba kuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kale kuti zitha bwino. Amalume! Aphunzitsi anaiwala ambulera yawo pakhonde, anachita kudzaitenga mawa lake. Madzulo amayi anasamba, anavala duku la maluwa ofiira, anatuluka kupita kumpopi ndi ndowa yopanda kanthu, kungofuna kuti anthu awaone.

Tsiku lotsatira bambo aakulu anamanga katundu wawo pa njinga. Amayi anawakonzera kamba wa mtedza ndi mbatata, anawapatsa malaya a bambo ndi nsapato za kuntchito, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sakanachita masiku onse apitawo.

Mu Januwale amayi analowa koleji, tsitsi likungoyamba kumera, ali wamkulu kuposa atsikana onse a m'kalasi mwawo. Ife tinakhala kwa amalume kumgodi, m'kanyumba kothina, tikugona ndi asuweni athu miyendo yopingasa. Loweruka lililonse amayi ankayenda wapansi kudzationa, choko chili m'zikhadabo, kudzatichapira ndi kutifunsa masamu. Atamaliza anapatsidwa kalasi ndi nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo tsiku limene anatsegula chitseko chake anaima pakati pa chipinda chopanda kanthu n'kunena kuti apa palibe mesenjala adzagogode. M'nyumba imeneyo ndimo tinakulira, ine ndi mng'ono wanga, mpaka tonse kumaliza sukulu. Bambo aakulu anakalamba pa famu yomweyo. Amayi ankawatumizira bulangete nyengo yozizira ikayandikira, ndipo atamwalira ndi amayi amene anakawaika.

Koma tsiku lija pamsewu ine ndinalibe chothokoza. Ndinathamangira njinga, ndinagwira mphasa kumbuyo, ndikulira kuti anditenge monga anandifunsira. Anatsika, anamasula zala zanga chimodzichimodzi, n'kunena kuti amayi, bwererani. Ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi amayi, ndinakana kudya. Ndinkati ndi munthu wabodza, wofunsa mwana chinthu chimene sakufuna kumupatsa. Sindinkadziwa kuti akuluakulu onse aja pansi pa mango, aphunzitsi ndi mawu awo ambirimbiri, anali atalephera kuwasuntha. Anatisiya chifukwa ndinavomera kupita nawo.