Nsapato za Bambo, Mbewu ya Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kapena ziwiri, pakuti kwathu ku Mlangeni zaka sitinkaziwerenga kwenikweni, pamene bambo anabwerako ku migodi ya ku Joni. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, jekete lalitali ndi chifuwa chosatha. M'bokosimo, pansi pa mabulangete, munali buku. Silinali buku la mawu, ai. Linali la zithunzi za katundu wa sitolo ina yaikulu ya kumeneko: mawotchi, zipewa, mapoto, azungu ovala masuti ataima chilili ngati mitengo. Bambo kuwerenga sankadziwa, koma masana alionse ankakhala nalo pakhonde, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kumatembenuza masamba.

Tsamba limodzi linachita kuda ndi zala zawo. Panali nsapato zakuda, zosongoka kutsogolo, zonyezimira ngati mphuno ya ng'ombe.

Sikuti bambo ankayenda pansi. Anali ndi majombo a kumgodi, olimba, oti akanatha zaka zina khumi. Koma a Filimoni a kutsidya kwa dambo, mnzawo amene anabwerera naye limodzi, ankalowa m'tchalitchi ndi nsapato zolira kwii! kwii! anthu n'kumacheuka. Zimenezi zinkawadya bambo mumtima. Ine ndimawamvetsa, magazi awo ndi omwe ndili nawowa. Mpaka lero sindikondwa munthu akandiposa pagulu.

Aphunzitsi a pasukulu pathu ndiwo anawauza kuti munthu akhoza kulembera kalata sitoloyo, n'kutumiza ndalama papositi, katundu n'kumupeza konkuno. Vuto linali nambala ya phazi. Bambo sankaidziwa, poti majombo ankangolandira pamzere.

"Lameki! Kasende luzi, udzandiyeze phazi."

Ndinathamangira kuthengo, ndinasenda luzi la mombo laliwisi, n'kuliviikanso m'madzi kuti lifewe, monga tinkachitira pomanga denga. Bambo anaponda pamphasa. Ndinalikoka nganganga kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, ndinadula ndi mpeni. Aphunzitsi analipukuta pabuluku lawo kuti lisanyowetse kalata, analipinda, anamata envulopu. Tinalipo anthu anayi pamenepo, pamodzi ndi amayi. Tonsefe tinkadziwa kuti luzi amamangira lili lonyowa chifukwa likamauma limadzikoka. Ndi mwana wosavala yemwe amadziwa. Koma maso athu anali pachithunzi.

Panapita miyezi. Ndalama za ku Joni zinathera malata, njinga imene sinachedwe kuthyoka, ndi mowa wa abale obwera kudzalonjera mlendo. Mvula itangosiya, nthawi yobzala kudimba ikuyandikira, kunabwera kapepala koti katundu wafika ku positi ofesi ya ku boma. Tinapita awiri, wapansi, mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo.

Kalaliki wa pazenera anali mnyamata wa tayi, wolankhula motsitsa. Anatulutsa phukusi lokutidwa ndi pepala lofiirira, analiika pashelefu kumbuyo kwake, poti tizingoliona.

"Katundu wanu ndi uyu, bambo. Koma popeza wachokera kunja, pali msonkho woti mupereke."

"Msonkho wanji? Ndinalipira kale kwa eni ake!"

"Eni ake analandira zawo. Uwu ndi wa boma."

"Chaka ndi chaka ndimakhomera mutu wangawu. Lero ndikhomerenso mapazi?"

Anthu a pamzere anaseka. Kalalikiyo anangodikira kuti phokoso lithe.

"Chabwino, patseni ndiyese kaye," anatero bambo.

"Silitsegulidwa lisanalipiridwe. Muli ndi masabata awiri. Mukaona kuti sizitheka, palibe mlandu, libwerera kumene lachokera. Mwina eni sitolo adzakubwezerani kangachepe."

M'nyumba mwathu munali mutatsala chinthu chimodzi chogulitsika: mbewu ya mbatatesi ya amayi, madengu anayi. Ankaisunga pansanja m'kachipinda kamdima, ataifunditsa udzu, ndipo inali itatulutsa kale timaso tofiirira. Fungo la dothi louma la m'kachipindako ndimalimvabe. Inu a m'tauni mumvetsetse apa: chimanga chinali cha m'mimba basi. Mchere, sopo, nsalu ya amayi, ndalama ya sukulu yanga, zonsezi zinkachokera ku mbatatesi ya kudimba. Mbewuyo amayi ankaisankha imodziimodzi pokolola, chaka ndi chaka, mpaka inatchuka m'dera lonse.

"NaNgozo, ndibwerekeni mbewu ija," anatero bambo titangofika. "Ndidzagula ina."

"Mudzagula ndi chiyani, bambo a Lameki?"

"Mukufuna anthu azinena kuti ndinalephera kuombola nsapato zanga zomwe?"

"Anthuwo adzatidyetsa?"

Anafunsa mawa lake, anafunsanso mkuja. Ankayamba mofatsa, n'kumalizira ndi kufuula mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Amayi ankangopitiriza ntchito zawo. Tsiku lakhumi anali akupeta mphale, ndipo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Tengani. Koma madengu anga abwere."

Wogula anapezeka msanga. Anali a Filimoni omwewo. Ine ndi amene ndinasenza madenguwo, limodzilimodzi, kuwoloka dambo, maulendo anayi. Akazi awo ankalandira akumwetulira, akuitembenuza mbewuyo m'manja ngati mazira.

Tinabwereranso ku boma. Bambo anapereka msonkho, anadinda chala, analandira phukusi. Sanathe kudikira kuti tikafike kunyumba. Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa positi ofesi, anadula chingwe ndi mano. Munatuluka fungo la chikopa chatsopano, fungo limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Nsapato zinali zomwezo za pachithunzi, kuposanso. Bambo anapukuta phazi ndi chipewa chawo, analowetsa.

Zala zinalowa. Chidendene chinatsala kunja.

Anayesa phazi linalo. Anamasula zingwe zonse. Anaimirira, anaponda mwamphamvu mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Kenaka anapisa dzanja m'nsapatomo kuti aone ngati muli chotchinga, anatulutsa luzi langa lija. Eni sitolo anali atalibweza, poonetsa kuti atumiza zofanana ndi muyeso. Linali litauma gwa, lopiringizika ngati nyongolotsi yofera padzuwa. Bambo analiwongola, analiika m'mbali mwa phazi lawo. Linaperewera ndi zala ziwiri.

Ndinatseka maso kudikira khofi, pakuti bambo dzanja lawo silinkachedwa. Palibe chinabwera. Nditatsegula maso, anali akukulunga nsapatozo m'pepala lomwe lija, pang'onopang'ono, akusalaza m'mene munakwinyika.

"Tiye," anatero.

Tinauyamba ulendo wobwerera kwathu. Ndikanama nditati ndinamva chisoni kapena mantha. Sindinamve kanthu. Ndinkangoona mapazi anga akusinthana kutsogolo ngati a munthu wina. Titafika, amayi anayang'ana phukusi, anayang'ana majombo amene anali kumapazi a bambo, n'kunena kuti, "Madzi osamba ali kuseri." Nkhani inathera pomwepo. M'nyumba mwathu simunatchulidwenso mawu oti nsapato.

Kuzibweza kunkafuna ndalama ina, ndipo inalibe pochokera. Aphunzitsi, amene anali ndi phazi laling'ono, anafuna kuzigula motchipa. Bambo anakana, ati sangaone nsapato zawo zikuyenda m'mudzi ndi mwini wina. Anazipachika kudenga.

Chaka chimenecho dimba lathu linamera udzu. Kutsidya, kwa a Filimoni, kunachita maluwa a mbatatesi mbee, munda wonse. Pokolola, amayi anapita kukagwira ganyu komweko, kukumba ana a mbewu yawo yomwe, malipiro ake timbatatesi ting'onoting'ono totsalira. Ankabwera dzuwa litapendeka, kutsanula pansi, kuyamba kusankha tobzalika. Sankalira, sankang'ung'udza. Ine ndinasiya sukulu kuti ndiziwathandiza, ankati kwa chaka chimodzi. Sindinabwererenso. N'chifukwa chake zilembo zanga zimayenda mopunduka, ndipo zina mwa izi wandiwongolera mdzukulu wanga Tadala. Koma mawuwa ndi anga, asakunamizeni munthu.

Bambo anakalembetsanso ulendo wa ku migodi. Pokwera galimoto anandigwira phewa n'kunena kuti, "Msonkho wandipha ine, Lameki. Boma ndi mbala." Makalata anabwera awiri, kenaka zii.

Mawu amenewo ndinayenda nawo moyo wanga wonse. Nditakula ndinakhazikika pa Nsipe, kugulitsa mbatatesi ndi tomato m'mphepete mwa msewu. Kafunseni aliyense wakale pamenepo, mawu anga ankafika kutsidya kwa msewu ngakhale lole ikudutsa. Wodulitsa ziphaso za msika akamafika, ndinkamuyimbira nyimbo yomweyo, ya boma lakuba limene linadya mbewu ya amayi anga. Anthu ankaseka, ine n'kumatukumuka. Zipani zitachuluka, aliyense wobwera kudzapempha mavoti ndinkamufunsa za msonkho basi.

Tsopano dziko linasintha. Ana amagula zinthu pafoni. Tadala amakhala pakhonde masana onse, chala chikuyenda pagalasi, kuona madiresi ndi zikwama za kunja. Akakonda amangodina, ndalama n'kuchoka, katundu n'kudzabwera pabasi. Mwezi watha pawailesi ankakangana ngati ogula pafoniwa azilipira msonkho ngati ogula m'sitolo. Tadala anandiyang'ana akuseka.

"Agogo, apa ndiye mufuula mpaka ku Kasinje akumveni."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe nyimbo yanga. Koma maso anga anagwera pachala chake chija, ndinakumbukira chala cha bambo pabuku lija.

"Azilipira," ndinatero.

"Ii! Inuyo agogo? Mwadwala?"

"Mayi wa beseni limodzi la tomato amadula chiphaso tsiku lililonse, agulitse asagulitse. Wa kagolosale amakhoma msonkho. Nanga wa pafoni ndi mwana wa yani kuti azidutsa chodutsa?"

"Ndiye zinthu zidula."

"Zidule. Mwina uzidzayamba wagona kaye tulo usanadine."

Anati ndakalamba, anabwerera pafoni yake. Sindinamutsutse.

Sindikunena kuti msonkho ndi mankhwala. Kumene umapita sindikudziwa, ndipo ndifa ndisakudziwa. Munthu amene mtima wake wagwera pachithunzi, ngakhale mumuikire misonkho khumi, adzapeza chogulitsa m'nyumba. Chimene ndazindikira mochedwa, mano atatha m'kamwa, n'chakuti zaka zonsezi ndinkatukwana munthu wolakwika. Mwa anthu onse amene anakhudza nkhani ya nsapato zija, aphunzitsi, eni sitolo, a Filimoni, ine wa luzi, ndi kalaliki yekha uja amene anawauza bambo kuti akhoza kuzisiya, palibe mlandu. Pa tsiku limenelo tinali titaluza ndalama ya nsapato yokha. Mbewu inali ikadali pansanja, sukulu yanga inalipo, bambo analipo. Anatipatsa masabata awiri athunthu oti tiganize, ife tinawathera kulimbirana mbewu ya amayi.