Nkhwani wa pa Bwalo la Gofu

Ku Oakville, tauni ina ya kumaiko a azungu, kumene anthu achuma amanga nyumba zoyang'ana nyanja ndi bwalo la gofu, kuli bambo ena a ku Dedza amene amatchetcha kapinga pabwalopo. Anamva kuti kale malowa anali minda ya maapozi, ndiye akaima amangopukusa mutu: "Nthaka yonseyi kumangogubuduzapo kampira."

Chaka chathachi, 1976, akazi awo otsala kumudzi anawatumizira nthanga za maungu m'kalata. Anazibzala mobisa kuseri kwa mitengo. Maunguwo atayanga, bwana wa bwalolo anawaona, n'kulamula kuti azulidwe.

"Ndizula, bwana, koma mundilole mpaka Loweruka."

Lachisanu anathyola nkhwani, n'kukatendera monga amatenderera mayi a kunyumba. Popakula anangozindikira atatenga mbale ziwiri.