Juzi ya Manja Aatali

Juzi ija inali yobiriwira, ya ulusi wokhuthala, ndipo inalukidwa ndi masipoko awiri a njinga. Ndinaiona ikuyamba ngati kansalu kongokwana pachikhatho. Ndinaiona ikukula mpaka kumera manja. Ndakalamba, ndavala majekete a m'sitolo ndi a pakaunjika, koma palibe chovala chimene ndinachilakalaka ngati chimenecho.

Ndinakulira kuseri kwa Mvera, m'mudzi wa amayi. Bambo anga anali mkamwini wosakhalitsa. Anachoka ndisanayambe kuyenda, ndipo sindinawasowe. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna amene ndinkamuwerengera anali atsibweni, alongo awo a amayi. Ankagwira ntchito m'minda ya fodya ku Halale, dziko limene lero mukuti Zimbabwe, koma akabwera kudzapuma ankakhalitsa. Anali ndi njinga yakuda. Pakaliyala pake anamangirirapo kathabwa kamene anasema okha ine ndikuona, kuti ndizikhalapo.

Kwathu kumapiri njinga sukwera paliponse. Pachitunda tinkatsika, iwo atagwira mahandulo, ine ndikukankha kumbuyo. Pamtsetse ndinkawagwira m'chiuno, mphepo ikulira m'makutu, shati yawo ikununkha fodya ndi sopo. Ankati, "Gwiritsa, mphwanga. Ukagwa amayi ako andidula makutu." Anyamata anzanga ankatithamangira m'mbuyo mpaka kutopa. Ine sindinkawacheukira.

Chaka china atsibweni anabwereratu, mvula itangosiya. Anabwera ndi sutikesi, wailesi, mpando wopinda, ndi mkazi.

Mkaziyo anali wamtali, wa mawu ochepa, ndipo Chichewa chake chinali cholemera pakamwa. Amayi anandiuza kuti ndiziwatcha azakhali. Ndinavomera ndi mutu. Sabata isanathe ndinaona atsibweni akuyala chitenje chopinda pa kathabwa kanga. Azakhali aja anakhalapo cham'mbali, n'kugwira m'chiuno momwe ndinkagwira ine. Anatsika mtsetse wa kuchigayo, fumbi lofiira likuwatsatira. Ine ndinatsala pabwalo ndi mbuzi.

Chifukwa chake ndinachimva madzulo ena, atsibweni akuuza amayi kuseri kwa nkhokwe. Azakhali anali a dziko lina, ndipo chilolezo chawo chokhalira kuno chinali cha kanthawi. Kuti akhazikike anayenera kupempha unzika monga mkazi wa nzika ya Malawi. Ndiye panali maulendo a ku boma ku Dowa. "Akatikana," anatero atsibweni, "ndiye kuti akwera basi kubwerera kwawo." Amayi anangousa moyo. Ine mawuwo ndinawasunga ngati nzimbe yobisa. Lamulungu lililonse m'tchalitchi, ena akupempherera odwala, ine ndinkapempherera basi imeneyo. Ena angachite manyazi kunena zimenezi. Ine ayi. Ndinali mwana, ndipo malo anga anali atatengedwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Maulendowo sanali ochepa. Lero akufuna umboni wa ukwati, atsibweni apita kwa abusa. Mawa akufuna anthu oti anene kuti mkaziyu amamudziwa, atsibweni azungulira kwa akulu a mpingo. Kenako n'kudikira yankho lochokera ku Zomba, kumene kunali likulu nthawi imeneyo. Ankanyamuka mame asanaume n'kubwera dzuwa litapendeka, miyendo ili psu ndi fumbi. Ine ndinkamva belu la njinga ali kutsidya kwa dambo, n'kupita kukakhala kuseri kwa khola kuti asaganize kuti ndimawadikira.

Chilichonse chimene ndinkachifuna chinkapita kwa iwo. Aphunzitsi athu, amene ankatikwapula tikabwera ndi zikhadabo zakuda, anali asanapondepo pabwalo pathu. Nyengo imeneyo ankabwera Loweruka lililonse kudzaphunzitsa azakhali mawu a lumbiro la unzika ndi kulemba dzina lawo bwinobwino. Ankakhala pa mpando wopinda uja, amayi n'kuwakazingira mtedza. Azakhali akanena mawu onse osaphonya, aphunzitsi ankati, "Mwakhoza, mayi. Bwerezaninso, mwakhoza." Ine chaka chonse ndinali ndisanamvepo mawu amenewo kuchokera pakamwa pawo, ngakhale masamu ndinkawatha kuposa ana awo.

Tsiku lina atsibweni anabwera ndi zithunzi za azakhali. A ku boma anatengako zawo, chimodzi chinatsala, ndipo atsibweni anachiika m'kati mwa chipewa chawo. Mudzi wonse unabwera kudzachiona. Ine nkhope yanga ndinali nditaionapo m'madzi a mumtsuko ndi pa belu la njinga, pamene mphuno imaoneka ngati ya nkhumba. Munthu wobwera dzulo anali ndi chithunzi, ndipo chinkayenda pamutu pa atsibweni anga.

Kuluka juzi ija azakhali anakuyamba tikukolola chimanga. Ulusi anabwera nawo kuchokera kwawo. Masipoko anachokera ku gudumu lakale la njinga yomwe ija, atsibweni n'kuwanola pamwala. Azakhali ankakhala pakhonde, msana atautsamiritsa kukhoma, masipoko akugundana kuti khe khe khe. Akandiona ndikudutsa ankandikodola. "Bwera. Ima." Ankanditembenuza, n'kuyeza msana wanga ndi zala zotambasula, kuchokera phewa ili kufika phewa ilo. "Tambasula manja." Zala zawo zinali zozizira ndipo zinkachedwa pakhosi panga. Nthawi zina akamaliza kuyeza sankandisiya msanga.

Ndinati ndazindikira. Mkaziyu akudziwa kuti wandilanda malo, ndiye akufuna kundigula. Ndinakonza kale zochita: akadzandipatsa ndidzakana, adzandikakamize, amayi adzandikalipire, kenako ndidzalandire ndi dzanja limodzi. Kubusa ndinauza anzanga kuti kuzizira kwa chaka chino kundipeza ndili ndi juzi. Panthawiyo m'mudzi mwathu mwana wovala juzi munalibe. Tinkapita kusukulu manja tili m'khwapa, mano akugundana, miyendo itang'ambika ndi chisanu.

Juziyo itatsala dzanja limodzi, ndinalephera kupirira. Ndinafunsa amayi tikutong'ola chimanga kuti kodi andipatsa liti.

"Si yako," anatero amayi, osandiyang'ana.

"Nanga ndi ya yani?"

"Usafunsenso. Ndipo bweza milomo yakoyo, tingapachikepo dengu."

Kuyambira tsiku limenelo nsanje yanga inasintha. Ya kathabwa inali ndi nkhope, ndinkaiona tsiku lililonse. Iyi inalibe. Kwinakwake kunali mnyamata wa msinkhu wanga amene ankagwiritsa ntchito msana wanga osandipempha. Ndinayamba kuyang'ana mapewa a anyamata onse a m'mudzi. Ndinakayikira msuweni wanga wina. Ndinakayikira mwana wa aphunzitsi, ndipo ndinasiya kumulankhula ngakhale tinkakhala benchi imodzi. Azakhali akandiitana kuti andiyeze ndinkapitabe, chifukwa amayi anali ndi dzanja lofulumira, koma ndinkaima mopindika dala ngati nkhalamba. Iwo ankandiwongola mofatsa n'kuyezanso.

Panali zinthu ziwiri zimene ndinkaziona koma osaziganizira. Choyamba, azakhali akandipatsa mbatata yootcha kapena chiponde chimene ankasinja mosalala kuposa amayi, ankakhala n'kumandiyang'ana ndikudya mpaka nditamaliza. Ndinkadana nazo, ndipo ndinkatembenukira kukhoma. Chachiwiri, ulendo uliwonse wa ku boma ankamanga kampukutu. M'menemo ankaikamo kabuku ka dziko la kwawo ndi juzi ija, ngakhale pamene inali yosatha, masipoko ali momwemo. Ndinkaganiza kuti akuopa kuti ndingaibe. Zimenezi zinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa kwathu sitiba.

Uthenga unafika kuzizira kuli pakati, kuti yankho labwera ndipo apite akamve. Atsibweni ananena kuti nanenso ndipite, ndikathandize kukankha ndi kulondera njinga. Sanandibwezere kathabwa. Anandikhazika kutsogolo pa felemu, chitsulo chikundidya m'matako pa mwala uliwonse. Kumbuyo ndinkamva azakhali akubwereza mawu a lumbiro chapansipansi. Ine ndinkabwereza pemphero langa la basi.

Ku boma anandisiya pansi pa mtengo nditagwira njinga. Zenera la ofesi linali lotsegula. Ndinaona azakhali ataimirira, dzanja lili m'mwamba. Ndinamva mawu awo akutuluka limodzilimodzi, osaphonya ndi amodzi omwe. Kenako anamasula kampukutu, n'kutulutsa kabuku ka kwawo kaja. Anakagwira ndi manja awiri kwa kanthawi. Bambo wa mu ofesi anadikira, sanawafulumizitse. Atapereka, bamboyo anakaika m'dirowa n'kutseka. Masiku ano ndimamva kuti munthu atha kukhala wa mayiko awiri. Nthawi imeneyo ayi. Ukatenga dziko lino, linalo umalisiya patebulo.

Atsibweni anatuluka chipewa chili m'manja, mano onse pamtunda. Anandimenya paphewa. "Mphwanga, azakhali ako ndi Mmalawi tsopano. Akuposa iwe, ulibe ndi pepala lomwe." Anagula zitumbuwa pamsika. Azakhali sanadye, chawo anandipatsa ine. Ndinadya maso ali kumsewu. Basi ya ku Lilongwe inali itaima pomwepo, ndipo inanyamuka ine ndikuiona, mulibe munthu wathu.

Pobwerera tinakankha njinga pachitunda chachikulu. Pamwamba pake panali mphepo ya mwera, yolowa m'mafupa. Thukuta linazizira pamsana panga ndipo ndinayamba kunjenjemera mu shati yanga ya sukulu. Azakhali anaima. Anamasula kampukutu kaja, mmene munali mutatsala chinthu chimodzi chokha. Anandiveka juziyo kudzera kumutu, n'kukoka m'munsi, n'kukonza pakhosi. Inkanunkha utsi ndi sutikesi. Pamapewa inandikwana. Koma manja ake anapitirira zala zanga n'kulendewera ngati makutu a mbuzi.

Kenako anachotsa chitenje chawo pa kathabwa. "Kwera iwe," anatero. "Ine ndiyenda pansi." Atsibweni anawalankhula m'chilankhulo cha ku Halale. Azakhali anapukusa mutu. Atsibweni anavala chipewa, n'kunena kuti tikawadikira kumlatho.

Zenizeni ndinadzazimva nditakwatira kale. Amayi ndi amene anandiuza, tikusoka fodya m'chigafa, azakhali atapita kumtsinje. Ku Halale anasiyako mwana wamwamuna, wobadwa chaka chimodzi ndi ine. Mwamuna wawo woyamba anamwalira. Kumeneko amalowola ndi ng'ombe, ndipo mwana ndi wa kuchimuna. Atakwatiwa ndi atsibweni, amene kumeneko anali mlendo, abale a malemuwo anatenga mwanayo n'kuwauza kuti akawoloka malire asadzabwerenso pakhomo pawo. Ndiye ulendo uliwonse wa ku Dowa ankanyamula juziyo kuti akakanidwa n'kukwezedwa basi, akafike kwa mwana wawo ali ndi kanthu m'manja. Za manja aatali aja amayi anati azakhali ankayeza pa ine n'kuwonjezerapo dala. Ankati mwana amene sukumuona amakula msanga.

Ku Halale kuja kunadzabuka nkhondo. Azakhali mwana wawo uja sanamuonenso. Anakhala nafe mpaka imvi, anabereka ana ena, ndipo anagona m'manda a kwathu. Ine ndinali mmodzi mwa amene anakumba. Za juziyo sitinakambiranepo, ndipo sindikuona kuti panali chokambirana. Ndinaivala mpaka manja anandikwana, kenako anandifupikira, kenako m'zigongono munabooka.

Koma tsiku lija pamwamba pa chitunda sindinkadziwa chilichonse mwa zimenezi. Ngakhale akanandiuza sindikanamva. Kwathu mayi sasiyana ndi mwana wake, ndipo ndinkaganiza kuti dziko lonse lili choncho. Chimene ndinkadziwa n'chakuti m'mawa ndinalibe kanthu, ndipo madzulo ndinali ndi juzi ndi kathabwa kanga. Mnyamata wopanda nkhope uja ndinali nditamugonjetsa.

Njinga inayamba kutsika. Manja a juzi ankanditerereka pa lamba wa atsibweni. Ndinakuwa kuti amve pamphepo. "Atsibweni, azakhali sadziwa kuyeza. Kundiyeza konse kuja, taonani manjawa." Atsibweni anangoyang'ana kutsogolo. Sananenenso kuti ndigwiritse.

Ndinacheuka kamodzi. Azakhali anali asanayambe kuyenda. Anaima pamwamba pa chitunda, atatifulatira, akuyang'ana kummwera kumene mapiri amathera m'nkhungu, chitenje chopanda kanthu chili m'dzanja. Ndinaganiza kuti achita manyazi ndi manja aja. Ndinawapinda bwinobwino mpaka zala zitatuluka, n'kugwira atsibweni m'chiuno, ndikukonza kale mmene ndikadutsire pamaso pa mwana wa aphunzitsi.