Nsanza Zachikasu pa Nandolo wa Esinati

Chaka chimene nandolo wathu anafotanso, ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita ku Tanzania kukasaka ganyu. Anali atayamba kale kutsokomola, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale ya minibasi yopitira kuchipatala cha pa Boma. Sanandiletse. Anangondiseka kuti mkamwini wothawa khasu akalipeza likumudikira komweko.

Sananame. Kumapiri a ku Mbeya ndinalembedwa m'munda wa pareto, maluwa oyera amene amaumitsa n'kupangira mankhwala ophera udzudzu. Kuzizira kwa kumeneko, kwa ku Mulanje kuno n'chibwana. Chiswahili chinkandipita pambali, choncho masiku ambiri ndinkangoyankhula ndi maluwa. Ndinkasungulumwa koopsa.

Nakonso kunali matenda. Nkhungu ya m'nthaka inkaoletsa mizu, mzere wonse n'kuuma ngati wathiridwa madzi otentha. Mwini munda, mayi wamfupi wosakonda zodandaula, anandipatsa ntchito yomanga kansanza pa tsinde lililonse lotsala lobiriwira pakati pa ouma. Ankati limenelo ndiye lili ndi mphamvu yokana matendawo, ndipo ndi lomwe ankaligawa n'kubzalanso.

Ndinamufotokozera Esinati zimenezi pa foni. Anandifunsa ngati nandolo naye angamve nzeru yomweyo, ine n'kuti mwina. Za chifuwa ankangoti chikuchepa, ndipo ndinkakhulupirira poti ndi zomwe ndinkafuna kumva. Ndinkatumiza kangachepe komwe ndapeza. Ulendo wina ndinamutumizira chitenje chachikasu choti azikatchenera ku tchalitchi.

Uthenga wa maliro unandipeza ndili m'munda. Pomwe ndinkatsika pa Limbuli n'kuti Esinati ataikidwa kale.

Amalume ake anandilandira bwino, koma mwambo ndi mwambo. Munda ndi wa kuchikazi, mwana wathu Tadala nayenso ndi wa kuchikazi.

"Bambo, mwezi uno ukatha tikusudzulani, mubwerere kwanu ku Milonde," anatero. "Tilibe nanu chifukwa. Mwanayu muzidzamuona."

Ndinapita kumunda kuja kukatsazika, Tadala akunditsatira. Nandolo anali atafota monga zaka zonse. Koma apo ndi apo panali mtengo wobiriwira, ndipo uliwonse unali ndi kansanza kachikasu. Tadala anati amayi ake ankang'amba chitenjecho atakhala pansi, poti kuimirira kunkawavuta, iye n'kumakamanga pomwe amulozera. Ndinakhala pamzere n'kulira ngati mwana.

Nandoloyo anali asanakhwime, ndipo ndinadziwa kuti pomadzakhwima ine ndidzakhala nditachoka. Ndinamugwira Tadala dzanja, n'kuyenda naye mtengo ndi mtengo.

"Wansanzayu musadzaphike, ngakhale ndiwo zitasowa chotani. Ameneyu ndi mbewu."

"Ndikudziwa, ababa," anayankha. "Amayi anati tidzabzala nanu mukabwera."