Ndinazimitsa Hita pa Chitunda cha ku Chiponde

Inu owerenga, ndinachotsetsa ntchito munthu wosalakwa, ndipo ndinatero ndikudziwa bwino lomwe kuti wolakwa ndinali ine.

Pa nthawiyo ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Malindi. Mishoniyo inali ndi galimoto ya dizilo yokhala ndi tebo, chipangizo chimene chimapopera mpweya mu injini kuti ikoke mwamphamvu. Woyendetsa wake anali Che Amidu, bambo wachisilamu wofatsa, amene sukulu analekezera sitandade 4.

Tsiku lina mu Okutobala ndinaitanidwa kumsonkhano cha ku Chiponde, kumene akuluakulu a chipani ankadzalankhula ndi aphunzitsi. Amene munawaona masiku amenewo a chipani chimodzi mukudziwa kuti kulowa mochedwa pamsonkhano wotero kunkatengedwa ngati mwano, ndipo mwano unali ndi zotsatira zake. Maso anga onse anali pa wotchi.

Titayamba kukwera mapiri, kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kanayamba kukwera. Che Amidu anatsitsa magalasi onse n'kuyatsa hita mpaka pamapeto. Taganizani, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo, munthu n'kukusonkhezeranso moto kumapazi! Ndinawafunsa ngati mutu wawo unali kuyenda bwino.

"Pepani amayi," anatero, "madzi oziziritsa injini amadutsanso mu hita. Tikapsako ife pang'ono, iyo ipumako."

Kamuvi kaja kanatsikadi pang'ono, ndipo ndinakaona. Koma chimene chinandikhudza chinali bulauzi yanga yosita bwino, imene inali itayamba kumata pamsana. Ndinatambasula dzanja n'kuzimitsa hitayo ndekha, ndikuwauza kuti sindinapite ku koleji kuti ndidzaphunzitsidwe ndi dalaivala.

Pasanapite nthawi kamuvi kanafika pofiira. Iwo anayatsanso hita n'kuika dzanja potulukira mpweya. Panatuluka mphepo yozizira. Ine ndinaseka, ndikuti ngakhale hita yawoyo yawakana.

"Amayi, izi si zoseka. Injini ikuwira koma hita ikuzizira, ndiye kuti madzi atha, penapake pabooka. Tiime."

Ndinawayankha kuti akaima, akafotokoze okha kwa a tcheyamani a chipani kuti wandichedwetsa ndani. Mawu amenewo masiku amenewo sanali ocheza, ndipo ndinawasankha dala. Che Amidu anangoti, "Chabwino amayi, Inshallah," n'kupitiriza ulendo.

Sitinakwere ngakhale mtunda umodzi. Nthunzi inatuluka pansi pa boneti ndipo injini inazima. Iwo anapempha kuti tidikire izizire, koma ine ndinalamula kuti athire madzi nthawi yomweyo. Atangopotokola chotsekera cha rediyeta, mothira madzi a injini, ndi kansalu, madzi otsala owira anathovoka n'kuwawotcha mkono kuyambira padzanja mpaka pachigongono. Ndikuchita manyazi kulemba kuti ndinaimitsa lole imene inkadutsa, ndinakwera, ndipo ndinawasiya pamsewu atagwira mkonowo. Kumsonkhano ndinafika nthawi yabwino.

Makanika atayendera galimotoyo anapeza kuti paipi ya labala yoyandikana ndi tebo inang'aluka ndi kutentha. Anati tikanaima pamene hita inazizira, ntchito yake ikanakhala ya ola limodzi. Koma chifukwa tinaikakamiza, gasiketi, chomatira cha pansi pa mutu wa injini, inapsa ndipo mutuwo unapindika.

Komiti ya mishoni inatiitana tonse awiri. Wansembe wa pa mishoniyo anandifunsa ngati dalaivala anandichenjeza. Ndinayankha mwaulemu kuti ine za magalimoto sindizidziwa, ndipo ndinalekera pomwepo. Che Amidu, mkono uli m'bandeji, anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanadziteteze, pakuti ndani akanakhulupirira iwo n'kusiya mphunzitsi wamkulu? Anachotsedwa ntchito chifukwa cha kusasamala, popanda kalata ya umboni, ndipo palibe amene anawapatsanso chiwongolero.

Patapita zaka ndinawapeza ku Nkopola akusoka ukonde wa munthu wina, khungu la mkono uja litakwinyika. Anaimirira n'kundipatsa moni, kenaka anafunsa, "Nanga galimoto yathu ija inachira, amayi?" Ndinati inachira, n'kufulumira kuchokapo.

Inu owerenga, kamuvi kakakwera, lolani hita iyake ngakhale thukuta likuyenderera. Ikayamba kutulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, imani pomwepo, ndipo chotsekera musachikhudze mpaka pazizire. Koma koposa zimenezi, amene akugwira ntchito pansi panu akakuuzani chinthu cha ntchito yake, mverani, ndipo musamuopseze ndi dzina la anthu amene inunso mukuwaopa. Mukalakwa, vomerani tsiku limene mwafunsidwa. Ine ndavomera lero, komiti ija itabalalika kalekale, pamene palibenso amene angabwezere Che Amidu ntchito yawo.