Shuga wa mu thanki

Pawindo la chipinda chochezera, m'nyumba yathu ya ku Area 1, pankakhala kabotolo ka petulo. Pansi pake panadikha tinthu tofiirira ngati mchenga wonyowa. Abambo ndiwo anakaika pamenepo, ndipo mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa kabotoloko asanapatsidwe mpando.

Tinthuto anatichotsa m'kabuleta ya njinga yawo yamoto. Inali njinga yakalekale, yolemera ngati ng'ombe, imene anagula kwa bwana wina wa ku Area 3. Abambo anali kalaliki wamba ku Capital Hill, koma akaikwera ankadzimva ngati nduna. Dzinja limenelo, ine ndili mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, njingayo inayamba matenda. Inkalira bwinobwino pakhomo, kukafika pamlatho n'kutsokomola, n'kuzima. Abambo ankabwerako akuikankha, thukuta lili kamukamu, anthu a m'minibasi akuwaseka.

"Wina wandithirira shuga mu thanki." Mawu anali amenewo, m'mawa ndi madzulo omwe.

Sankatchula dzina, koma tonse tinkadziwa kumene diso lawo linkaloza. M'khitchini mwathu munkagona amalume, achimwene awo a amayi, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzafuna ntchito yaulonda. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo iwo sankaiwala zimenezo ngakhale ankadya zopemphetsa. Tsiku lina abambo akufuna kundikwapula, amalume anagwira lamba m'mwamba n'kunena kuti, "Alamu, mwana uyu ngwathu." Ndikaganiza lero, ndimaona kuti njinga inangopezerapo mlandu umene unayamba tsiku limenelo.

Abambo anandipatsa ntchito yaukazitape, ndipo ndikuvomera mwamanyazi kuti ndinkaikonda. Ndinkasuzumira pazenera, ndinkanunkhiza manja a anthu, ndinkayang'ana chitini cha shuga ngati chatsika. M'nyumba monse munazizira. Amayi anayamba kubisa chitinicho kuchipinda, amalume n'kumamwa tiyi wopanda kanthu osadandaula. Ndiye m'mawa wina ndinaona amalume ataweramira njinga, dzanja lili pachivundikiro cha thanki. Ankapukuta madzi a mvula ndi kansanza. Kansanzako ndinakaona bwinobwino, koma pokanena kwa abambo ndinakasiya.

Panalibe kukalipirana. Amalume anamvetsera, anandiyang'ana kamodzi, n'kukapinda bulangete lawo. Amayi anawaperekeza kudepoti, ndipo pobwera maso awo anali ofiira.

Njinga sinachire. Loweruka lotsatira abambo anaikankhira kwa makaniko wina wachikulire kuseri kwa msika, ine ndikutsatira pambuyo ndi chipewa chawo chachitsulo. Anali bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, wosafulumira pa chilichonse. Anamasula thanki, anathiramo timiyala ndi manati akale ndi palafini pang'ono, n'kuyamba kuikhutchumula. Phokoso lake linkalowa m'mano. Atakhuthulira m'beseni, munatuluka madzi ofiira ndi timakoko tambirimbiri. Kenako anatsegula kunsi kwa injini, ndipo oyilo anatsika mwaulesi, wakuda bii, wonanda ngati phula, fungo lake ngati mphika wopserera.

Abambo anayamba nkhani yawo ya shuga ija. Mkuluyo sanawatsutse. Anatenga maginito a sipika yakutha n'kuwaviika m'beseni. Timakoko tonse tinakakamira, maginito n'kumera ubweya.

"Shuga amagwira maginito, bwana?" anafunsa motsitsa mawu. "Ili ndi dzimbiri. Labala ya pachivundikiro inatha kalekale, mvula ikulowa. Ndiye inu mumathira petulo wa pansi pokha, thanki yonse n'kumachita thukuta m'kati. Nanga oyiloyu munasintha liti?"

Abambo ankangoyang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi matayala akutha. Ine ndinadziwa kuti tsopano tipita kumudzi kukatenga amalume, ndipo nkhani ya kansanza iululika.

Tinabwerera titakwera, njinga ikulira mosalala, ine nditagwira malaya awo. Panjira anaima n'kundigulira mandasi awiri, zimene sankachita chisawawa. Sanandiuze kuti ndisanene kanthu. Nanenso sindinafunse.

Amayi tinawapeza akuchapa. Anaweramuka, thovu lili m'manja, n'kufunsa zimene makaniko wapeza.

"Zomwe ndinkanena zija," anatero abambo, akulowa m'nyumba.

Amayi anatembenukira kwa ine. Anayang'ana mafuta a mandasi pamilomo panga, anayang'ana m'maso mwanga nthawi yaitali ndithu. Ndinadikira funso. Iwo anangoti ndikasambe m'manja, n'kuweramiranso zochapa zawo. Amalume sanapondenso pakhomo pathu.

Zaka zambiri ndinkanyada chamumtima kuti tinawapusitsa, kuti amayi anakhulupirira. Ndinali mwana. Sindikanadziwa kuti munthu amene wakula ndi mchimwene wake safuna makaniko kuti amuuze ngati ali wothira shuga mu thanki. Funso lija amayi analimeza dala, chifukwa akanandifunsa, ndikanayenera kugulitsa mmodzi, abambo kapena amalume, ndiponso pamaso pawo. Anali atataya kale mchimwene, ndipo sanafune kumva mwana wawo akuwanamiza.