Mabuku atatu a kuchipatala ndi zala ziwiri za phazi langa

Malemu amuna anga, amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, anandichenjeza kalekale kuti dokotala sauzidwa zonse. Ankati mnzawo anangotchula chifuwa poyezedwa, madokotala n'kulemba pa khadi, ntchito n'kuthera pomwepo. "Zolembedwa sizifufutika, NyaChirwa," ankatero. Mawuwo sanandivute kusunga, poti ine ndi kale lomwe sindikhulupirira munthu.

Mu Febuluwale ndinayamba ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu anandibaya pa chala, n'kundiuza kuti shuga wakwera kwambiri. Analemba m'buku langa la kuchipatala, anandipatsa mapiritsi, nati ndibwerenso pakatha milungu iwiri. Koma pa windo lolembetsera mayina pamakhala mpongozi wa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ndipo ndinamuona akuchedwa nalo bukulo. Mwina ankangofuna tsamba loti adindepo. Ine sindinaganize choncho. Bukulo ndinalibisa pansi pa zovala m'sutukesi, ndipo mapiritsi atatha sindinabwerereko.

Mu Epulo mwala unandicheka chala cha phazi lamanzere ndikuvuula chinangwa. Sindinamve ululu, ndinangoona magazi. Sabata inatha bala osapola. Ndinagula buku latsopano n'kukwera minibasi kupita ku chipatala china kumene sandidziwa. Namwino anandifunsa, "Agogo, muli ndi matenda ena? Shuga kapena kuthamanga kwa magazi?" Ndinati ayi. Anatsuka balalo n'kumanga. Mu Meyi ndinachitanso chimodzimodzi kwina, ndi buku lachitatu. Kulikonse ankandiona ngati munthu wa bala la dzulodzulo.

Mu Juni mwana wanga Tryness anatsika kuchokera ku Mzuzu. Asanakhale n'komwe pansi anafunsa, "Ama, chikununkha n'chiyani muno?" Ndinati ndi usipa. Anamasula nsalu ya kuphazi. Zala ziwiri zinali zitada bii, ndipo thupi langa linali moto. Pondilongedzera zovala ndi pamene anapeza mabuku onse atatu.

Ku chipatala chachikulu tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala, mwamuna wa kumwera wolankhula pang'onopang'ono, anayala mabukuwo pa bedi n'kuwerenga limodzilimodzi. Sanandikalipire. Anangoti, "Agogo, buku loyambali likanafika kwa anzanga a ku zipatala zina ziwirizo, bwenzi lero tisakukamba za mpeni."

Anabweretsa pepala loti ndisaine, ophunzira udokotala anayi ataimirira kumapazi kwanga. Ndinakana. Ndinati sindisaina chimene sindikuchidziwa, komanso phazi langa si bolodi la kusukulu. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Namwino wamkulu anati umenewo ndi ufulu wanga, anatulutsa ophunzirawo n'kukoka katani. Dokotala anatenga cholembera n'kujambula mizere iwiri pa khungu langa, wina pa zala, wina kunsi kwa bondo. "Lero tidula apa. Mukadikira sabata, tidzadula apa. Sitikukakamizani." Tryness anandiwerengera pepalalo kawiri, nanenso ndinaliwerenga ndekha, kenako ndinasaina.

Ndinagona m'wodi milungu itatu. M'mawa uliwonse kubaya chala, jakisoni, kenako kutsuka bala, kumene kunkandilumitsa nsalu. Bedi loyandikana nalo panali mayi wa ku Usisya amene anafika mochedwa kuposa ine. Anamudula mwendo wonse. Sabata yachiwiri ndinaona akuchotsa zofunda pa bedi lake, ndipo abale ake ananyamula mapoto awo mwakachetechete.

Tsiku lina ndinamuuza namwino wamkulu uja za mpongozi wa pa windo. Anati za matenda a munthu saloledwa kuuza wina aliyense, ndipo ngati ndili ndi umboni pali kokadandaula. Umboni ndinalibe. Mpaka lero palibe wa kutchalitchi amene anatchulapo za shuga wanga ine ndisananene ndekha. Namwinoyo anawonjezera kuti, "Funsani chilichonse, tikuyankhani. Koma ife sitiwombeza maula, agogo. Timachiza chimene mwatisonyeza."

Panopa bala linapola. Ndimayenda ndi ndodo, ku msika ndimafika koma ndimapuma kawiri panjira. Ndimadzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, ndipo kondowole, nsima yathu ya chinangwa, ndimadya wochepa ngati wa mwana. Mabuku atatu aja ndinawasokerera pamodzi ndi ulusi. Mankhwala alionse ndimafunsa dzina lake ndi ntchito yake, ndipo sindichoka pa windo asanandiyankhe. Sindinganame kuti tsopano ndimakhulupirira anthu. Ndinangosiya kubisa.

Inu amene mukuwerenga, ludzu likakuchulukirani kapena bala likatha sabata osapola, pitani msanga. Tengani buku lanu lakale, ngakhale long'ambika, ndipo akakufunsani yankhani zoona.

Chatsala n'chimodzi, ndipo chikundivuta kupempha. Ndimakhala ndekha, poti ku Mzuzu ndinakana kusamukira. Kuchipatala anandiuza kuti shuga amathanso kutsika mwadzidzidzi munthu n'kukomoka, ndipo zandichitikira kale kamodzi ndili pakhonde. Inu a mbali ya ku Mwaya amene mumandidziwa, mukamadutsa dzuwa litakwera n'kuona chitseko changa chili chotseka, gogodani. Ndikufunsani kuti ndinu ndani ndipo mukufuna chiyani. Mwina sindikutsegulirani, musakhumudwe. Koma mukagogoda kawiri osamva mawu anga, thyolani chitsekocho.